Wabwereza Sitandade 5 kawiri: kodi nzeru zake zathera pomwepo?

Mayi wina wa ku Ngabu wafunsa za mwana wake wamwamuna wazaka 13, amene wabwereza Sitandade 5 kawiri. Amalume a mwanayo akuti mutu wake ndi wouma, nzeru n'zobadwa nazo, angomusiya azikaweta ng'ombe. Mkulu wake wa mwanayo anamuyesa ndi mayeso a IQ (oyeza nzeru) a pa foni, mwanayo n'kupeza 78. Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo amakonza njinga za anzake ndipo amapanga magalimoto a mawaya okhota bwinobwino. Kodi amusiyitse sukulu?

Mayi, musamusiyitse. Amalume akulondola pa chinthu chimodzi: ana amasiyanadi pa liwiro logwira zinthu, ndipo chibadwa chili ndi gawo lake pa kusiyanako. Mu 1904 Charles Spearman wa ku England anaona kuti mwana wokhoza phunziro limodzi kawirikawiri amakhozanso ena, ndipo kafukufuku wa zaka zonse zotsatira watsimikiza zimenezi. Pamene amalume aphonya ndi poganiza kuti nzeru sizisuntha. Mu 2018 Stuart Ritchie ndi Elliot Tucker-Drob anasonkhanitsa zotsatira za anthu oposa 600,000, ndipo anapeza kuti chaka chimodzi chowonjezera cha sukulu chimakweza IQ ndi mapointi apakati pa 1 ndi 5. Ndiye kuti kumuchotsa mwana m'kalasi poti ndi wochedwa n'kumulanda chinthu chomwecho chimene chikanamunola.

Nambala ya pa foni ija iiwaleni. Mayeso enieni amaperekedwa ndi katswiri, mwana mmodzi payekha, kwa ola kapena kuposerapo, ndipo zotsatira zimayerekezedwa ndi ana amsinkhu wake a chiyankhulo ndi moyo wofanana ndi wake. Pakatikati pamaikidwa pa 100, ndipo anthu awiri mwa atatu alionse amagwera pakati pa 85 ndi 115. Mafunso a pa intaneti, a m'Chingerezi, oyankha pa kagalasi ka foni, amayesa kwambiri kuzolowera Chingerezi ndi foni. Ngakhale Alfred Binet, amene pamodzi ndi Théodore Simon anakonza mayeso oyamba ku Paris mu 1905, cholinga chake chinali kupeza ana ofunika thandizo, ndipo ankatsutsa zoti nzeru za munthu sizingakule.

Magalimoto a mawaya aja musawapeputse. Robert Serpell, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Zambia, anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England zithunzi zofanana kuti azitsanzire. Polemba ndi pensulo, a ku England anapambana. Popinda ndi waya, a ku Zambia anapambana. Poumba, magulu onse anafanana. Mwana amaonetsa luso lake pa chida chimene manja ake anachizolowera. Serpell yemweyo, atacheza ndi akuluakulu m'midzi ya Achewa kum'mawa kwa Zambia, anapeza kuti mawu oti nzeru amanyamula kuchenjera komanso kutumikira, kutanthauza mwana wodalirika pomutuma. Mwana wodziwa chifukwa chake tcheni cha njinga chikudumpha akuganiza motsata ndondomeko, ndipo kuganiza kotero n'kumene masamu amafuna.

Tsono choyamba ndi thupi. Kuno ku chigwa malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba zimachepetsa magazi, ndipo mwana wochepa magazi amawodzera ndi kuiwala. Pitani naye kuchipatala akamuyeze magazi. Mufunseni mwachinsinsi ngati amaona magazi pomaliza kukodza, pakuti anyamata osamba m'madambo amabisa kapena amayesa n'kukula. Chimenecho ndi chizindikiro cha likodzo, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Akamuyezenso maso ndi makutu. Kunyumba mungayambe nokha: imani kumbuyo kwake, nong'onezani mawu asanu, awabwereze. Mwana amene khutu lake linkatuluka mafinya ali wamng'ono amatha kukhala zaka m'kalasi ya ana ambirimbiri osamva bwino aphunzitsi, aliyense n'kumamutcha mbuli. Mchere wa pakhomo ukhale wa ayodini, ndipo asapite kusukulu ndi njala.

Chachiwiri, werengani miyezi imene anajomba. Madzi osefukira a namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasokoneza maphunziro ku Chikwawa ndi Nsanje, sukulu zina zikusanduka misasa. Mwana amene anaphonya kuchotsera kobwereka kapena matebulo a kuchulukitsa nthawi imeneyo amafika Sitandade 5 alibe poponda. Kubwereza kalasi yomweyo sikutseka dzenjelo, chifukwa dzenje lili m'kalasi ya m'munsi.

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Sitandade 5 ndi pamene Chingerezi chimakula mphamvu m'mabuku ndi m'mayeso, ndipo mwana woyankhula Chisena kapena Chimang'anja pakhomo amalimbana ndi chiyankhulo asanafike pa funso lenilenilo. Muyeseni motere. Sankhani mafunso khumi a masamu m'buku lake, ayankhe polemba yekha. Mawa lake mufunseni mafunso ofanana nawo pakamwa, m'chiyankhulo cha pakhomo, ndi zitsanzo za ndalama kapena mabelo a thonje. Akakhoza ambiri pakamwa koma ochepa polemba, vuto ndi kuwerenga, osati kuganiza. Kenaka mupatseni buku la Chichewa la Sitandade 3 awerenge mokweza kwa mphindi imodzi, wina akuwerengera mawu amene watchula bwino. Lembani nambalayo ndipo bwerezani pakatha milungu iwiri iliyonse. Nambala imeneyi ndi yothandiza kuposa 78 ija, chifukwa ikusonyeza ngati thandizo likugwira.

Pophunzira, mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola awiri a Loweruka lokha. Awerenge ndime, atseke buku, anene zimene wakumbukira, kenaka atsegule n'kuona zimene wasiya. Abwererenso ku ndime yomweyo mawa, patatha masiku atatu, ndi patatha sabata. Ana ambiri amangobwereza kuwerenga mpaka mawu aoneke odziwika, n'kumayesa agwira, koma pa mayeso mutu umapezeka wopanda kanthu chifukwa sanayeserepo kukumbukira buku lili chitsekere. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapyola madigiri 40, nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Mukachita zonsezi kwa teremu yathunthu osaona kusintha, n'kutheka kuti mwanayo ali ndi vuto lenileni la kaphunziridwe, monga lovutika kulumikiza zilembo ndi mamvekedwe ake. Pemphani ahedi akulumikizeni ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, ngati amene amaphunzitsidwa ku Montfort m'boma la Chiradzulu. Mlangizi wa sukulu za m'zoni yanu adziwa kumene aliko.

Za ntchito ya manja, amalume auzeni kuti njirayo ndi yabwino koma imadzera kusukulu komweko. Makoleji a luso la manja amene TEVETA imayang'anira amafunsa satifiketi ya sekondale pa maphunziro ambiri, ndipo makaniko amayenera kuwerenga miyeso ndi malangizo a makina. Pakadali pano Loweruka azikakhala kwa wokonza njinga kapena njinga zamoto wodalirika, ndipo mitengo ya zipangizo ndi ndalama zolowa azizilemba yekha m'kope.