Funsani Amakanika: Marimu akutsogolo akuda bii

Makalata angapo a mwezi uno akukamba za fumbi la mabuleki, choncho ndawaika pamodzi. Monga mwa nthawi zonse, ndikuyankha ndili pa galaja kuno ku Kasungu boma.

FUNSO: Bambo amakanika, ndine mphunzitsi ku Mtunthama. Chaka chatha ndinagula Toyota Axio yochokera ku Japan, ya marimu a aloyi owala bwino. Chondidandaulitsa n'chakuti marimu akutsogolo amada bii, nditsukitsa Lolemba, pofika Loweruka adanso. Akumbuyo amangogwira fumbi lofiira la msewu, ndipo limachoka ndi madzi okha. Tsopano m'makona mwa marimu akutsogolowo mwabuka timadontho tofiirira tosachoka. Mnyamata amene amanditsukira akuti tigule waya wokwechera mapoto ndi asidi wa batire pang'ono. Ndimulole? — Mphunzitsi, Mtunthama

YANKHO: Aphunzitsi, musamulole, ndipo mumuuziretu lero lomwe asanayesere yekha inu muli m'kalasi. Mnyamatayo alibe cholinga choipa, kungoti akuiona rimu ngati poto wa pamoto amene mwaye wake umachoka ukamukwecha mwamphamvu. Koma rimu yanuyo inapakidwa penti ku fakitale, pamwamba pake n'kuthiraponso vanishi woonekera mkati. Kuwala kumene mumakukondako ndi vanishiyo, ndipo ndi wopyapyala kwambiri.

Chakuda chimene mukuchionacho chikuchokera m'galimoto momwemo. Mukaponda buleki, mapadi awiri amapana disiki imene imazungulira limodzi ndi tayala. Disikiyo ndi yachitsulo, ndipo mapadi ambiri amene timagula m'mashopu ali ndi tizitsulo mkati, tosakaniza ndi kaboni ndi zomatira. Kukhulana kwa ziwirizi ndiko kumaimitsa galimoto, ndipo zonse zimadyeka pang'onopang'ono. Ufa wake umatuluka uli wamoto, n'kukatera pa chinthu choyandikira kwambiri, chomwe ndi rimu. Kutsogolo kumada msanga chifukwa poima kulemera kwa galimoto kumatsamira kutsogolo, ndipo mabuleki akutsogolo ndiwo amasenza gawo lalikulu la ntchito. Komanso Axio, monga Vitz, Passo ndi Probox, kumbuyo ili ndi mabuleki a dilamu. Fumbi lake limatsekeredwa m'dilamumo, silifika pa rimu.

Timadontho tofiirirato ndi dzimbiri. Aloyi, chitsulo chopepuka cha aluminiyamu chimene amapangira marimuwa, payekha sachita dzimbiri lofiira. Chachitika n'chakuti tizitsulo totentha tija tabaya vanishi n'kukhazikika momwemo, kenako mame ndi mvula zatidyetsa dzimbiri. Mukatisiya miyezi yambiri timaboola vanishiyo, madzi amalowa pansi pake, ndipo mumayamba kuona mawanga oyera ndi penti ikusupuka. Pamenepo palibe sopo angakubwezereni rimu, pafunika kupala ndi kupopera penti ina.

Waya wa mapoto amakanda vanishi, ndipo fumbi la mawa limakapeza mikwingwirima yobisalamo. Amasiyanso tizidutswa take tachitsulo, nato timachita dzimbiri. Asidi wa batire ndiye musamutchule n'komwe. Amawaula rimu, amadya manati ndi zitsulo za buleki, ndipo akadonthera m'diso la mnyamatayo mudzakhala mukuthamanga naye kuchipatala chifukwa cha rimu chabe. Vim ndi phulusa nazonso zimakanda.

Katsukidwe kake n'kosavuta, chofunika ndi kudekha. Tsukani m'mamawa kapena madzulo, pamthunzi, galimoto itazizira. Ikani dzanja pa rimu, ngati ikufunda dikirani. Sopo akauma pa rimu yotentha amasiya zipsera, ndipo madzi ozizira pa disiki yamoto angathe kuipotoza kapena kuing'alula. Yambani ndi madzi okhaokha, ambiri ndithu, kuti mchenga wa msewu utsike musanakhudze ndi nsanza. Apa ndi pamene anyamata ambiri amalakwitsa: amanyowetsa nsanza n'kuyamba kupukuta pouma, mchengawo n'kumakanda.

Marimu akhale ndi ndowa yawoyawo ndi nsanza yawoyawo. Nsanza imene yapita pa rimu isadzapitenso pa chitseko kapena pa boneti, chifukwa tizitsulo timakanirira mu nsalu ndipo tidzajambula penti ya galimoto yonse. Sopo wabwino ndi shampu wa galimoto. Ngati palibe, madontho ochepa a sopo wamadzi wotsukira mbale monga Sunlight amathandiza, ngakhale amachotsanso polishi amene munapaka. Sopo waufa ine sindimukonda pa aloyi, ndi waukali ndipo akauma amasiya zoyera m'makona. Pezani burashi yofewa, mswachi wakale wa m'mabowo a manati, ndi kansalu kokulunga pa kamtengo kolowetsa mkati kuseri kwa masipoko. Kuseriko n'kumene fumbi limaunjikana, ndipo mukakusiya, mvula ikangogwa zakudazo zimayenderera kumaso kwa rimu ngati simunatsuke. Malizani tayala limodzi, tsukuluzani, pukutani ndi nsalu youma, kenako pitani pa lina. Kupukutako musakudumphe, makamaka ngati madzi anu ndi a pa mjigo, chifukwa ena amasiya mawanga akauma okha. Mukamaliza sunthani galimoto pang'ono kuti mbali imene inali pansi ibwere pamwamba, mudzapeza pamene munaphonya.

Za madontho a dzimbiriwo, pali mankhwala opopera amene pa botolo amalemba kuti iron remover kapena fallout remover. Funsani m'mashopu a zida za galimoto, ndipo mukawasowa kuno yesani mukapita ku Lilongwe. Amanunkha ngati dzira lovunda, koma ntchito amaigwira. Mukapopera pa rimu yozizira, pamene pali chitsulo pamasanduka pepo, kusonyeza kuti akusungunula tizitsulo tija popanda kukwecha. Valani magolovesi, dikirani mphindi zimene alemba pa botolo, musalole kuti aume, kenako tsukuluzani ndi madzi ambiri. Rimu yokhalitsa ingafune kubwereza kawiri. Mankhwala ena otsukira marimu amakhala a asidi, ndiye werengani botolo, sankhani olembedwa kuti pH neutral kapena acid free.

Marimu akayera, apakeni polishi wa galimoto yemweyo wa wakisi. Fumbi lidzabwerabe, koma silidzagwira, ndipo kutsuka kamodzi pa sabata kudzakhala kwa mphindi zochepa. Mungosamala kuti polishi, palafini, dizilo kapena mafuta owalitsira matayala zisafike pa disiki. Mukaona disiki yafiira mutangotsuka musade nkhawa, limenelo ndi dzimbiri la pamwamba, limachoka mukaponda buleki kangapo. Ponyamuka yesani buleki pang'onopang'ono musanalowe mumsewu waukulu, popeza mapadi onyowa amachedwa kugwira.

FUNSO: Achimwene, ine ndimayendetsa Sienta yonyamula anthu pakati pa Kasungu ndi Nkhamenya. Rimu yakutsogolo kumanzere imada kwambiri kuposa yakumanja, ndipo masiku ano ndikaima pa siteji ndimamva kafungo ka kupserera. Bwana wanga akuti ndi ulesi wanga wosatsuka. Pali sopo amene angathandize? — Dalaivala, Chatoloma

YANKHO: Achimwene, iwalani za sopo. Galimoto imeneyi ipite ku galaja musananyamulenso munthu, ndipo bwana wanu muwaonetse tsamba lino.

Matayala awiri akutsogolo amagwira ntchito yofanana, choncho ayenera kuda mofanana. Limodzi likaposa linzake, ndiye kuti buleki ya mbali imodzi siikumasula bwino mukachotsa phazi. Kawirikawiri ndimapeza kuti mapini amene kalipa (chitsulo chogwira mapadi n'kuwapanitsa pa disiki) amatsetserekapo auma. Timalabala towaphimba tikang'ambika, matope a dzinja ndi fumbi la chilimwe zimalowa, girizi amatha, kalipa n'kukanirira. Nthawi zina ndi pisitoni ya m'kalipa, yokankha mapadi, imene yachita dzimbiri, nthawi zina ndi paipi ya labala ya buleki imene yafooka mkati moti mafuta akupita koma sakubwerera. Padi imakhala ikukhula disiki ulendo wonse wa pa M1, n'chifukwa chake mukumva kupserera, ndipo petulo naye akukutherani msanga.

Mukayenda pang'ono, imani, yandikizani dzanja ku rimu iliyonse osaigwira. Mbali yokanirira imatentha moonekeratu. Kunyumba ikwezeni pa jeke, zungulitsani tayala ndi dzanja: labwino limayenda momasuka, lokanirira limalemera n'kuima msanga. Ndiwonjezereponso ichi, chifukwa ambiri sachiganizira. Nthawi zina tayala lodwala ndi loyeralo. Ngati buleki yakumanja yaleka kugwira, yakumanzere imasenza zonse n'kuda yokha, ndipo galimoto imakokera mbali imodzi mukaponda. Makanika atsegule mbali zonse ziwiri, asangoyang'ana yakudayo.

Chimene ndikuopa ine ndi kutentha. Buleki ikatentha mopitirira, mafuta ake amawira, ndipo tsiku lina mudzaponda phazi n'kufika pansi, kutsogolo kuli ngolo kapena mwana wasukulu, kumbuyo muli anthu odzaza. Mapadi akasinthidwa asinthidwe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo padi ikatsala mamilimita 3 yatha, musadikire kumva chitsulo chikulira. Onaninso ngati zakudazo ndi zouma. Zikakhala zonyowa ndi zoterera, mwina mafuta a buleki akudontha kapena labala wa CV joint (mfundo ya pa shafiti yozungulitsa tayala) wang'ambika akumwaza girizi, ndipo zonsezi n'za makanika. Chizolowezi chothira madzi pa tayala lotentha pa siteji kuti ulendo upitirire, chonde chisiyeni.

FUNSO: Bambo, kodi pali njira yoti fumbili lichepe? Ndatopa ndi kutsukitsa. — Mayi wa bizinesi, Santhe

YANKHO: Ilipo, mayi, ngakhale silingatheretu. Mapadi a ceramic amatulutsa fumbi lochepa komanso lotuwa, losaoneka msanga, koma ndi okwera mtengo. Mukawafuna gulani pa shopu yodalirika, chifukwa kulemba pa bokosi aliyense angalembe. Ngati galimoto yanu imanyamula matumba a chimanga kapena mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma, khalani pa mapadi amene makanika wanu akuwadalira pa katundu wolemera, marimu muzingotsuka.

China chili pa phazi lanu. Mukaona mahampu a pa trading centre patali, chotsani phazi pa moto, galimoto ichepetse yokha liwiro, buleki ingomalizitsa. Pa mitsetse yaitali, monga yotsikira ku Nkhotakota, ikani giya yotsika kuti injini ikuthandizeni. Pa otomatiki ndi pamene alemba 2, L, S kapena B, malinga ndi galimoto.

FUNSO: Bambo, ndikuphunzira umakanika pa galaja ina kuno ku boma. Tikatsegula dilamu, akuluakulu amandiuza kuti ndiuzire fumbi ndi kompuresa, magetsi akazima ndimauzira ndi pakamwa. Madzulo ndikamina zimatuluka zakuda. Zili bwino? — Wophunzira ntchito, Kasungu

YANKHO: Mwana wanga, sizili bwino, ndipo ndathokoza kuti wafunsa ukadali wamng'ono. Fumbi la mabuleki ndi losalala kwambiri, limalowa mpaka m'mapapo. Kale mapadi ndi mashuzi a buleki (amene amagwira ntchito ya mapadi m'dilamu) ankapangidwa ndi asibesitosi, amene amayambitsa matenda a m'mapapo ndi khansa, ndipo matendawo amaonekera patapita zaka 20 kapena kuposa. Dziko la Japan linaletsa asibesitosi pafupifupi pa ntchito zonse mu 2006, South Africa mu 2008, koma alipo mayiko amene akumugwiritsabe ntchito. Shuzi imene mwini galimoto anagula pamsika sungaidziwe ndi maso kuti muli chiyani. Dilamu lililonse ulitenge ngati muli asibesitosi.

Usauzire, kaya ndi kompuresa kaya ndi pakamwa, ndipo usasese pouma. Ika beseni pansi, nyowetsa fumbilo pang'onopang'ono ndi madzi a sopo a m'botolo lopopera kapena ndi mankhwala otsukira mabuleki otchedwa brake cleaner, lisanduke matope, kenako pukuta ndi nsanza yonyowa. Nsanzayo uimange m'jumbo n'kuitaya, usaiyanike kuti idzagwirenso ntchito mawa. Vala masiki yolembedwa FFP3 kapena P100 yogwira bwino pamphuno, chifukwa yansalu imadutsitsa fumbi lotere. Samba m'manja usanadye, ndipo ovolosi uzisiya ku galaja, usakaikung'unthe kunyumba kumene kuli azing'ono ako.

Akuluakulu a pa galajapo uwalankhule mwaulemu, pambali, osati pamaso pa makasitomala. Uwauze kuti botolo lopopera ukhala ukubwera nalo wekha, ndipo upemphe kuti dilamu lotsatira uliyeretse monyowetsa iwo akuona. Akakana ndithu, undilemberenso kudzera ku magazini ino, ndidzabwera kudzacheza nawo.