Kodi pepala likakutchani "wodziimira panokha," ndiye kuti simunalembedwe ntchito?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira funso pa imelo. Akuti wakhala akugwirira ntchito kampani imodzi kwa nthawi yaitali, amalowa ndi kuweruka pa nthawi imene kampaniyo inaika, koma kontrakiti imene anasaina imamutcha munthu wodziimira payekha. Atafuna kulowa bungwe la ogwira ntchito, bwana wake anamuuza kuti sangakhale membala chifukwa si wolembedwa ntchito, ndipo akufuna kudziwa ngati zimenezi zili zoona.

Owerenga wanga, bwana wanuyo wasakaniza nkhani ziwiri zosiyana, ndipo yoyamba ndiyo yovuta. Pocheza, aliyense amene amalandira ndalama akagwira ntchito timangoti ali pantchito, koma malamulo amasiyanitsa wolembedwa ntchito ndi wodziimira payekha. Wolembedwa ntchito amagwira ntchito molamulidwa ndi amene anamulemba, pa nthawi ndi malo amene wamuuza, kawirikawiri ndi zipangizo za bwanayo, ndipo sangatumize munthu wina m'malo mwake. Wodziimira payekha amagulitsa luso lake kwa makasitomala, amasankha yekha momwe agwirire ntchitoyo, ndipo phindu kapena kuluza zimakhala zake. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa m'mayiko ambiri tchuthi cholipidwa, malipiro ochepetsetsa ovomerezeka, penshoni ndiponso chitetezo pa kuchotsedwa ntchito zimaperekedwa kwa wolembedwa ntchito, ndipo n'chifukwa chake makampani ena amakonda kutcha antchito awo dzina linalo.

Komatu dzina lolembedwa papepala silimaliza mlandu. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, limene linakhazikitsidwa mu 1919, linatulutsa malangizo a nambala 198 mu 2006, onena kuti pofuna kudziwa ngati munthu analembedwa ntchito, choyamba ndi kuona zimene zikuchitikadi pa ntchitopo, kaya mgwirizanowo ukutchula dzina lotani. Mfundo yofanana ndi imeneyi inaoneka ku Britain mu 2021, pamene khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti madalaivala a Uber, kampani yolumikiza madalaivala ndi anthu ofuna ulendo kudzera pa foni, sanali odziimira paokha monga kampaniyo inkanenera, popeza Uber ndiyo inkaika mitengo ya ulendo, inkalemba mgwirizano wonse yokha, ndipo inkalanga dalaivala wokana maulendo ambiri. Khotilo linawaika m'gulu lapakati pa olembedwa ntchito ndi odziimira paokha, limene malamulo a kumeneko amalizindikira, lokhala ndi ufulu wa malipiro ochepetsetsa ndi tchuthi cholipidwa. Si dziko lililonse lili ndi gulu lapakatili, choncho muone malamulo a ntchito a dziko lanu, koma malinga ndi zimene mwafotokoza, ine ndikuona kuti muli ndi maziko olimba onena kuti munalembedwa ntchito.

Umembala ndi nkhani ina. Membala amalowa bungwe mwa kufuna kwake, amalipira ndalama za umembala, amavota pa misonkhano, ndipo amene amanena woyenera kulowa ndi malamulo oyendetsera bungwelo, osati bwana. Pangano la ILO la nambala 87, la mu 1948, limati ogwira ntchito onse, mopanda kusiyanitsa kwa mtundu uliwonse, ali ndi ufulu wokhazikitsa mabungwe ndi kulowa m'mabungwe amene asankha, ndipo pangano la nambala 98, la mu 1949, limaletsa kuchotsa munthu ntchito kapena kumuvutitsa chifukwa cha umembala wake.

Pitani ku bungwelo mukapemphe kuona malamulo ake, chifukwa mabungwe ena amalandira antchito a mtundu umodzi wokha pamene ena amalandira onse ogwira ntchito m'gawo lina la chuma. Sunganinso mauthenga okupatsani malamulo, ndandanda ya maola ndi umboni wa malipiro, pakuti zimenezi ndizo zimene ofesi yoona za ntchito kapena khoti lidzafune kuona mukadzapereka dandaulo.