Tengani 105 yatsopanoyo, Dura-Ace ya kaunjika idzakulizani pa chitunda

Achimwene, mwafunsa kuti mugule iti pa njinga ziwiri za mpikisano, ina ya magiya ndi mabuleki a Shimano a mtundu wa 105, ina ya kaunjika ya mtundu wapamwamba wa Dura-Ace: tengani ya 105 R7000 yatsopanoyo. Ya Dura-Ace 9000 yochokera ku Johannesburg imene akukunyengererani nayoyo isiyeni, ngakhale mitengo yake ikuoneka kuti yayandikana. Ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa malonda otere aliza anthu ambiri opalasa kuno, ndipo onse amene akukuuzani m'gulu muno kuti "Dura-Ace ndi Dura-Ace basi" sadzakhalapo tsiku limene njingayo idzakukanikeni pakati pa Mussacama ndi Ulongwe.

Pa Dura-Ace munthu amalipirira kupepuka, osati kulimba. Muike zitsulo zonse za 105 R7000 pa sikelo, muikenso za Dura-Ace ya magiya 11, kusiyana kwake sikufika theka la kilo. Botolo limodzi la madzi la 500 ml likulemera kuposa pamenepo, ndipo mu Okutobala ku Tete, kutentha kukadutsa madigiri 40, palibe amene amanyamuka ndi botolo limodzi lokha. Kuti kaseti, mulu wa magiya a pa tayala lakumbuyo, ipepuke, magiya ake akuluakulu anawapanga ndi titanium, ndipo titanium imadyeka msanga kuposa chitsulo wamba cha kaseti ya 105. Onjezani fumbi la malasha pa Moatize, fumbi la mathiraki pa msewu wa N7, matope a ku Angonia m'dzinja. Zonsezo zikasakanikirana ndi oyilo wa pa tcheni zimapera mano tsiku ndi tsiku. Kaseti ya Dura-Ace imodzi mtengo wake mugula za 105 zitatu, mwinanso kuposa. Opalasa m'mipikisano ya ku Ulaya alibe nazo ntchito zimenezi chifukwa ali ndi amakaniko owatsukira njinga madzulo aliwonse n'kuwasinthira zitsulo iwo osalipira kanthu. Inu mudzalipira ndi ma meticais a m'thumba mwanu, n'kudikiranso kuti wina wopita ku Lilongwe kapena ku Joni akubweretsereni.

Nkhani ina ndi ya magiya okwerera mapiri. Derailleur yakumbuyo (chosuntha tcheni pa magiya) ya Dura-Ace 9000 imalekezera pa mano 28, ya R9100 pa mano 30. Ya 105 R7000 yakhola lalitali, imene amailemba GS, imalandira kaseti ya 11-34, ya mano 11 mpaka 34. Ndi kulanki (mikono ya mapedulo pamodzi ndi magiya akutsogolo) ya mano 50/34 kutsogolo, giya yopepuka kwambiri imakhala 34 kwa 34: mwendo ukazungulira kamodzi, tayala lazungulira kamodzi, mamita awiri ndi pang'ono. Njinga za mpikisano za kaunjika zambiri zimabwera ndi 53/39 kutsogolo ndi 11-25 kapena 11-28 kumbuyo, kutanthauza pafupifupi mamita atatu kapena kuposa pa kuzungulira kulikonse mu giya imene ikutchedwa yopepuka. Kuchoka kuchigwa cha Zambezi kukwera ku Angonia, kumene kuli pamwamba kupitirira mamita 1,000, kusiyana kumeneko mawondo ndi amene amakumva.

Koma chimene chimandipsetsa mtima kwenikweni ndi waya wa giya. Ogulitsawa amatsuka njinga ndi parafini, amakulunga tepi yatsopano pa mahandulo, amakuuzani kuti mwini wake ankangoikwera Lamlungu lokha, koma waya amene ali m'kati mwa shifter, chosinthira magiya cha pa mahandulo, samukhudza. Wayayo ndi wa 1.2 mm, ndipo m'kati mwa shifter yakumanja amazungulira kagudumu kakang'ono kamene kamamupinda nthawi iliyonse mukasintha giya. Timawaya take timaduka kamodzikamodzi pafupi ndi kamutu, pamalo amene maso saona. Poyamba giya imangozengereza. Mupotokola kothinira waya kumbuyo kuja, zikhala bwino tsiku limodzi, mawa zayambiranso. Kenako chogwirira chimalemera, kulira kwa "tiki" kumodzi kumasowa. Tsiku lomaliza limakupezani pa chitunda, chifukwa m'pamene munthu amakankha chogwirira mwamphamvu kufuna giya yaikulu. Mumangomva kuti "pha!" m'dzanja, chogwirira chalowa chopanda kanthu, sipuling'i ya derailleur yakokera tcheni mpaka ku mano 11. Mwendo umene umakankha mamita atatu tsopano ukukankha mamita asanu ndi awiri ndi theka, liwiro mulibe, nsapato zakoleka m'mapedulo, thiraki ili pambuyo ikuliza hutala. Kumanzere phula ladyeka, kuli kamphompho ndi miyala. Mukagwera kumanja mwagwera kumene kukudutsa magalimoto, komanso ndi mbali imene kuli derailleur: imenya pansi, hanger, kachitsulo kolumikiza derailleur ku fulemu, ipindika, ndipo mukadzaika waya wina osaiwongola, tsiku loyamba kulowa giya yaikulu derailleur ilowa m'masipoko, ithothoka ndi kudula masipoko angapo. Hanger ndi ya fulemu imeneyo yokha, ya fulemu ina silowa, ndiye njinga ikhala pakhoma kudikira kachitsulo kochepa ngati chala.

Zikakuchitikirani muli panjira, musalimbane ndi chogwirira, kuchikankhakankha kumangolowetsa timawaya toduka m'mano a m'kati. Kankhani derailleur ndi dzanja mpaka tcheni ikhale pa giya yapakati, kokani waya wodukayo athine, mumupanikize pansi pa bawuti ya choikamo botolo. Ngati waya adutsa m'kati mwa fulemu, mangani sikuluu ya pa derailleur yolembedwa H mpaka pamene ithere, ikukwezani magiya awiri kapena atatu. Mukhala ndi magiya awiri a kutsogolo, okwanira kukufikitsani kunyumba.

Ndiye pamabwera tsoka lachiwiri, kwa okonza njinga. Sindikunyoza anzathu a pamsika, pa njinga za kabaza ndi akatswiri, koma shifter ya magiya 11 siifuna msomali ndi hamala. Kamutu ka waya kakatsalira m'kati, pansi pa shifter pali kachivindikiro komangidwa ndi kasikuluu kamodzi. Mupinda labala yokuta shifter, muchotsa kachivindikiroko, n'kutulutsa kamutu ndi timawaya tonse ndi kopanira kosongoka. Wosadziwa amatokosa ndi sipoko, amakakamiza chogwirira, mano a m'kati athyoka, ndipo za m'katimo sizigulitsidwa pazokha. Shifter yonse yatha. Akulipiritsaninso ya ntchito.

Vuto la wayali lilinso pa 105, kapangidwe kake n'kofanana. Kusiyana n'kwakuti pa yatsopano mukudziwa tsiku limene wayayo anayamba ntchito, ndipo shifter ya 105 ikafa simugulitsa mbuzi zonse kuti mupeze ina. Musinthe waya wakumanja kamodzi pachaka ngakhale akuoneka bwino, komanso tsiku lomwelo giya ikayamba kuzengereza popanda chifukwa. Dinani kachogwirira kakang'ono mpaka tcheni ifike pa giya yaing'ono kwambiri, pindani labala, unikani ndi tochi ya foni. Kawaya kamodzi kakangotukuka, chotsani. Gulani waya wosachita dzimbiri wosalala, ndi chikuta chake cha 4 mm, SP41. Wokutidwa ndi pulasitiki uja amafewa masiku oyamba, kenako amanyenyeka n'kutseka njira.

Palinso kulanki, ndipo apa ogulitsa amene amadziwa koma osanena akusewera ndi moyo wa munthu. Mu Seputembala 2023 Shimano inalengeza yokha kuti makulanki a Ultegra (mtundu wa pakati pa 105 ndi Dura-Ace) FC-6800 ndi FC-R8000, ndi a Dura-Ace FC-9000, FC-R9100 ndi FC-R9100-P, opangidwa Julayi 2019 asanafike, ayenera kukaunikidwa chifukwa mbali zake ziwiri zomatidwa ndi guluu zimatha kulekana munthu akupalasa. FC-9000 inapangidwa m'zaka zomwezo. Tembenuzani kulanki, pafupi ndi bowo la pedulo kumbuyo kwake pali zilembo ziwiri: kuyambira KF mpaka RF, ndiko kuti Juni 2012 mpaka Juni 2019, ili m'gulu limenelo. Tsukani bwino, yang'anani msoko wonse pamene mbali ziwirizo zakumana, makamaka pafupi ndi mabawuti anayi a magiya akutsogolo. Mng'alu, kampata kolowa chikhadabo, kapena kulira kwa "kwe, kwe" mukaimirira pa mapedulo, musaikwere n'komwe. Kulanki ya 105 sinali m'gulu limenelo. Kumayiko kumene kuli ogulitsa ovomerezeka pafupi, yolephera ankaisintha. Ina imene mwini wake sanavutike kukaionetsa ndi imene imatha kutsikira kuno itapukutidwa bwinobwino.

Ndiponso onani ngati zonse zilidi za banja limodzi. Njinga zina zimalembedwa Dura-Ace pa shifter pokha, kumbuyo anaikako derailleur ya magiya 10 ya 105 yakale (5700) kapena Ultegra yakale (6700). Kakokedwe ka waya n'kosiyana, ndipo muzipotokola mpaka dzuwa kulowa magiya osakhazikika. Za magiya 11 zokha ndizo zimamvana: 5800, 6800, 9000, R7000, R8000, R9100, mutha kusakaniza. Tcheni muipime ndi rula: kuchoka pakati pa pini imodzi, werengani mapini 24, yatsopano imakhala 304.8 mm. Ikafika 306.3 mm yatha, ndiyo 0.5% imene tcheni ya magiya 11 imasinthidwira. Ikafika 308 mm dziwani kuti yadya kale kaseti, mwinanso magiya akutsogolo, ndipo mukaikapo tcheni yatsopano izingolumpha. Ndalama ya kaseti, tcheni ndi giya yaikulu ya kutsogolo muiwonjezere pa mtengo umene akukuuzaniwo, muone ngati ikadali yotchipa. Matcheni abodza nawonso achuluka, olembedwa dzina lenileni pa katoni koma otha mwezi usanathe. Wotchipa modabwitsa musamukhulupirire.

Wina m'gulu muno walemba kuti mungodumphira ku Di2, yosintha magiya ndi magetsi, ya magiya 12 kuti nkhani ya waya ithe. Imathadi, ndipo kasinthidwe kake n'kokoma, palibe angatsutse. Dura-Ace R9200 ndi Ultegra R8100 zinatuluka mu 2021 ndi zamagetsi zokhazokha, 105 Di2 inabwera mu 2022, ndipo 105 ya waya ya magiya 12 mu 2023, ya mabuleki a disc. Koma ganizirani kuti derailleur yamagetsi ikamenya pansi mtengo wake ndi wotani, kuti chingwe chochajira ndi chake chokha cholowa pa derailleur yakumbuyo, kuti ma shifter amafuna timabatire ta CR1632, ndiponso kuti Di2 ya magiya 11 ndi ya 12 sizilumikizana. Batire ikamatha, derailleur yakutsogolo ndiyo imayamba kusiya, chenjezo lake ndi lomwelo. Ngati mukukhala kumene magetsi amavuta, kapena mumapita kutali ngati ku Tsangano, waya wa sipeya m'thumba ndi wodalirika kuposa. Pa mabuleki a disc a mafuta, chonde, Shimano imafuna mineral oil yokha. Pali amakaniko amene amathiramo mafuta a mabuleki a galimoto, a DOT, chifukwa ndi amene ali pafupi. Timalabala ta m'kati timafufuma, buleki imagwira yokha kapena kusowa kumene, ndipo mudzaziona pa mtsetse wa ku Zobue. DOT ndi ya mabuleki a kampani ya SRAM a njinga za pamsewu. Mapadi asinthidwe akatsala 0.5 mm, disc ikafika 1.5 mm.

Pomanga 105 yanuyo, mabawuti awiri a kulanki yakumanzere amangidwe mosinthanasinthana mpaka 12 kapena 14 Nm pa sipanala yopima kuthina, kachivindikiro kapulasitiki ka pakati kaja ndi dzanja lokha, chotsekera kaseti 40 Nm. Kaseti ya 11-34, CS-HG700, ikamalowa pa freehub (mbali ya habu yakumbuyo yonyamula kaseti) ya magiya 11 imafuna kachitsulo kotchinga ka 1.85 mm kumbuyo kwake. Mukaiwala, kaseti igwedera ndipo mudzanamizira derailleur. Ubwino wake, pa mawilo akale a magiya 10 imalowa popanda kanthu. Tcheni ili ndi mbali, zolembedwa ziyang'ane kunja. Ndalama imene yatsala ipite ku matayala abwino a 28 mm, amene mabuleki a R7000 amalola, ku hanger ya sipeya, mawaya awiri, ndi kopimira tcheni.

Komabe, musathamangire kumukana wa Dura-Ace uja musanayang'ane fulemu ndi mawilo. Ngati fulemu ili ya saizi yanu, yopanda mng'alu, malimu sanadyeke ndi mabuleki ndipo mahabu akuzungulira mosalala, mukhoza kumutsitsa mtengo pomuonetsa tcheni ndi zilembo za pa kulanki, n'kuigula. Ma shifter ndi mabuleki a Dura-Ace akakhala amoyo ndi okoma m'manja kuposa a 105, zimenezo n'zoona, asungeni ndi waya watsopano tsiku lomwelo. Kulanki muchotse muike FC-R7000 ya 50/34, ilowa pa bottom bracket yomweyo, pamene kulanki imazungulira m'fulemu, chifukwa zonse ndi za 24 mm. Kumbuyo muike RD-R7000 GS ndi 11-34. Ndipo tcheni yokha, pa njinga iliyonse mwa ziwirizi, ndingakuuzeni kuti mugule ya Dura-Ace, CN-HG901, ngati mwapeza yeniyeni, chifukwa kusiyana kwa mtengo ndi HG601 n'kochepa ndipo imapirira bwino. Ultegra R8000 yatsopano ikapezeka pa mtengo woyandikira 105, nayonso ili ndi GS yofika 34, koma zilembo za pa kulanki muziwerengebe. Tumizani chithunzi cha kumbuyo kwa kulankiyo ndi cha rula ili pa tcheni musanapereke ndalama iliyonse, ngakhale ya chikole.