Kodi kafukufuku wofunika ndimudziwa bwanji?

Funso: Akonzi, ndine mlangizi wa zaulimi ku Mchinji ndipo ndikulemba za chuku cha mtedza. Mapepala a akatswiri achuluka. Ndiyambire pati?

Yankho: Bambo, ikani pulogalamu yaulere ya Publish or Perish pakompyuta. Mmenemo sankhani Google Scholar (tsamba lofufuzira mapepala a akatswiri), lembani "aflatoxin groundnut Malawi", ndipo muona kuti pepala lililonse latchulidwa kangati m'mapepala ena. Musathamangire nambala yaikulu. Pepala la 2005 lingapose la 2022 chifukwa cha kukhalitsa basi, choncho yang'anani chiwerengero cha pachaka. Ena amadzitchula okha kuti nambala ikwere. Mukafufuza mowirikiza, Google imakutsekerani kaye, dikirani. Lipoti la kumalo ofufuzira zaulimi ku Chitedze lingatchulidwe kochepa, komabe lomwelo n'kuthandiza mlimi wa kwa Mkanda. Liwerengeni ndithu.