Khothi linagamula mu 1954, nanga asilikali ankafunanji pasukulu mu 1957?

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale kusekondale wandilembera imelo. Akuti anaona chithunzi cha mtsikana wachikuda wovala magalasi akuda, buku lili kumanja, khamu la azungu likumukuwiza kumbuyo. Funso lawo ndi ili: "Ngati khothi lalikulu la ku America linaletsa tsankho m'sukulu mu 1954, zinatheka bwanji kuti mu 1957 ana azilowa m'kalasi moperekezedwa ndi asilikali? Mapulezidenti ankatani? Ndipo ana anga ndiwauze kuti ngwazi ndi ndani pakati pa Eisenhower, Kennedy ndi Johnson?"

Aphunzitsi, ndiyambe ndi lomalizalo. Mwa atatuwo palibe amene analowa m'nkhaniyi mothamanga. Aliyense ankayamba wawerenga kaye mavoti a kum'mwera, kenako n'kuchita zomwe sakanatha kuzizemba.

Ku America sukulu sizili m'manja mwa pulezidenti. Kuno unduna ukalemba kalata ku Lilongwe, ahedi a ku Nsanje ndi a ku Chitipa amatsata. Kumeneko chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake wochita kusankhidwa, nyumba yake ya malamulo, ngakhalenso asilikali ake otchedwa National Guard, ndipo sukulu zimayendetsedwa ndi makomiti a m'madera. Ndiye pa 17 Meyi 1954, majaji onse 9 atagwirizana pa mlandu wa Brown v. Board of Education kuti kulekanitsa ana potengera khungu n'kuphwanya malamulo aakulu a dziko, chigamulo chinalipo koma wochikakamiza panalibe. Loya Thurgood Marshall wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP anapambana, inde, koma khothi lilibe apolisi akeake. Chaka chotsatira majajiwo ananena kuti ntchitoyi ichitike mwachangu koma mosamala, osatchula tsiku lomaliza. Andale a kum'mwera anamva mawu oti "mosamala" okhawo. Mu 1956 aphungu 101 a kumeneko anasaina chikalata cholonjeza kulimbana ndi chigamulocho mwa njira iliyonse yomwe malamulo akulola.

Tsono ndale zake zinali zokhota. Azungu a kum'mwera anali a chipani cha Democratic kuyambira makolo awo, chifukwa Republican chinali chipani cha Abraham Lincoln, yemwe anawagonjetsa pankhondo yapachiweniweni n'kuthetsa ukapolo. Anthu akuda ambiri kumeneko ankatsekerezedwa kuvota. Dwight Eisenhower, wa Republican, anali atayamba kuthyola mpanda umenewu: mu 1952 anatenga Texas, Florida, Virginia ndi Tennessee, ndipo mu 1956 anaonjezapo Louisiana. Munthu wotere sakanafuna kukhumudwitsa anzake atsopano. Ndi iye anasankha Earl Warren, jaji wamkulu amene analemba chigamulo cha Brown, komabe m'zaka zonse za ulamuliro wake sanaimepo pagulu kunena kuti chigamulocho n'cholungama. Ankangoti lamulo ndi lamulo, n'kumaonjeza kuti malamulo sasintha mitima ya anthu.

Mtsikana wa pachithunzi chanu ndi Elizabeth Eckford, wa zaka 15, ndipo tsikulo linali 4 Seputembala 1957 ku Central High School mumzinda wa Little Rock, chigawo cha Arkansas. Ana akuda 9 ndiwo ankayenera kuyamba sukulu pamenepo. Mayi Daisy Bates a NAACP anakonza zoti onse apitire limodzi, koma kwawo kwa Elizabeth kunalibe foni, uthengawo sunamupeze. Anafika yekha. Pageti anapeza asilikali a chigawo, amene bwanamkubwa Orval Faubus anawaika kuti atseke njira. Mwanayo ankaganiza kuti abwera kudzamuteteza. Atayesa kudutsa anamutchinga ndi mfuti, ndipo anabwerera wapansi mpaka pa benchi yodikirirapo basi, khamu likumulalatira, ena akukuwa kuti apachikidwe.

Eisenhower anadikira pafupifupi masabata atatu. Anakumana ndi Faubus ku Newport pa 14 Seputembala, akuganiza kuti agwirizana, koma Faubus anabwerera kwawo osasintha kanthu. Khothi litamulamula, anachotsa asilikali ake n'kusiya anawo m'manja mwa apolisi a mumzinda, omwe analephera kuletsa chipolowe cha pa 23 Seputembala. Tsiku lotsatira pulezidenti anatumiza asilikali pafupifupi 1,000 a gulu la 101st Airborne, nalanda National Guard ya Arkansas m'manja mwa bwanamkubwa. Pa 25 Seputembala anawo analowa m'kalasi.

Chimene chinamudzutsa, m'kuona kwanga, si chisoni ndi anawo. Iye anali msilikali, ndipo bwanamkubwa kunyoza lamulo la khothi la dziko lonse kunali ngati kugalukira. Chachiwiri ndi manyazi kunja. Inali nthawi ya mpikisano ndi Soviet Union, zithunzi za ku Little Rock zinali m'nyuzi za dziko lonse lapansi, ndipo iye mwini polankhula pa wailesi yakanema anadandaula kuti adani a America akusangalala nazo. Ghana inali itangolandira ufulu mu Malichi chaka chomwecho. Mu Okutobala nduna yake ya zachuma, Komla Gbedemah, anakanizidwa kukhala pansi m'lesitilanti ina ku Delaware chifukwa cha khungu lake, mpaka Eisenhower anachita kumuitana ku White House kudzadya naye chakudya cham'mawa. (Ifenso nthawi imeneyo, mu Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ana a azungu anali ndi sukulu zawozawo, choncho nkhaniyi si yachilendo kwa agogo athu.)

Ambiri amathera pomwepa, ngati asilikali aja anathetsa vuto. Ayi ndithu. M'kati mwa sukulu anawo ankamenyedwa ndi kulavuliridwa chaka chonse. Minnijean Brown anachotsedwa sukulu atabwezera omuputa. Ernest Green anamaliza mu Meyi 1958, koma mu Seputembala chaka chomwecho Faubus anatseka masekondale onse a boma mu Little Rock kwa chaka chathunthu, ndipo anthu anapitiriza kumuvotera mpaka anakhala pampando kufika 1967. Dera la Prince Edward ku Virginia linatseka sukulu zake zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964. Andale ena onse anaphunzirapo kuti kukana kumabweretsa mavoti. Pomuyamikira Eisenhower, tinene kuti majaji amene anawaika kum'mwera, monga Elbert Tuttle, John Minor Wisdom ndi Frank Johnson, ndi amene anagwira ntchito yaikulu yokakamiza sukulu imodziimodzi kutsegula zitseko.

John Kennedy, wa Democratic, ndiye amakondedwa kwambiri, koma mbiri yake pankhaniyi ndi ya ichi chakoma ichi chakoma. Mu kampeni ya 1960 anaimbira foni Mayi Coretta King amuna awo Martin Luther King ali m'ndende, zomwe zinamukokera mavoti a akuda m'mizinda ya kumpoto. Panthawi yomweyo anatenga Lyndon Johnson wa ku Texas kukhala womutsatira kuti asataye azungu a kum'mwera. Atapambana mwa mwayi, anaika pa mpando majaji ena okonda tsankho, monga Harold Cox ku Mississippi, pofuna kusangalatsa aphungu akuluakulu a chipani chake. Wophunzira wachikuda James Meredith atafuna kulowa yunivesite ya Mississippi mu 1962, Kennedy ndi mng'ono wake Robert anakhala akunyengerera bwanamkubwa Ross Barnett pafoni mpaka chipolowe chinabuka, anthu awiri n'kufa, asilikali n'kufika mochedwa. Anasinthadi pa 11 Juni 1963, tsiku limene bwanamkubwa George Wallace anaima pakhomo la yunivesite ya Alabama kutsekereza ophunzira akuda awiri, Vivian Malone ndi James Hood. Usiku umenewo Kennedy anauza mtundu wonse kuti iyi ndi nkhani ya chilungamo, nalonjeza lamulo latsopano. Anaphedwa mu Novembala lamulolo lisanadutse.

Pofika 1964, zaka 10 chigamulo chiperekedwere, mwa ana akuda 100 alionse a kum'mwera, mmodzi kapena awiri okha ndiwo ankaphunzira limodzi ndi azungu.

Chimene chinasuntha zinthu ndi ndalama. Johnson, amene mu 1956 sanasaine nawo chikalata chija, anakankha lamulo la Civil Rights Act n'kulisaina pa 2 Julaye 1964. Ndime ina ya lamulolo inati sukulu yochita tsankho isalandire ndalama za boma la ku Washington. Mu 1965 anadutsitsanso lamulo lothira ndalama zambiri m'sukulu za m'madera osauka, ndipo madera ambiri otere anali kum'mwera komweko. Komiti ya sukulu yomwe sinkaopa jaji inayamba kuopa kumanidwa thumba. Ngati mukufuna dzina limodzi loti muwapatse ana, la Johnson ndiye likuyandikira. Chipani chake chinalipira mtengo: mu 1964 Barry Goldwater wa Republican, amene anavota mokana lamulolo, anagonja koopsa dziko lonse koma anatenga zigawo zisanu za kum'mwera, ndipo mu 1968 Wallace ataima payekha anatenganso zisanu.

Munaiwala dzina lachinayi, Richard Nixon. Anapambana mu 1968 mothandizidwa ndi Strom Thurmond wa ku South Carolina, kadaulo wa ndale za tsankho, ndipo boma lake linapempha khothi kuti lipatse sukulu za ku Mississippi nthawi ina. Mu Okutobala 1969 khothi lalikulu linakana, linati zichitike pompano. Chodabwitsa n'chakuti kusakanikirana kwakukulu kunachitika iye ali pampando, makamaka mu 1970, ndipo boma lake linathandiza mwakachetechete pokhazikitsa makomiti a azungu ndi akuda m'zigawo kuti sukulu zitsegulidwe popanda ziwawa, kwinaku iye akudzudzula poyera zonyamula ana pa mabasi kupita nawo ku sukulu za m'madera ena. Mu 1971 khothi linavomereza mabasiwo, mkangano n'kusamukira kumpoto, kumene kunalibe malamulo olembedwa a tsankho koma akuda ndi azungu ankakhala m'madera osiyana. Mu 1974, pa mlandu wa mzinda wa Detroit, majaji asanu mwa 9 anagamula kuti madera a azungu ozungulira mzinda asakakamizidwe kusakanikirana ndi sukulu za mumzindamo. Anayi mwa asanuwo anali oikidwa ndi Nixon. Mmodzi mwa anayi otsutsa anali Thurgood Marshall, amene Johnson anamuika kukhala jaji wa khothilo mu 1967.