Za antibody ya phospho-ERK: yambani mwaganiza za kuzizira

Mlongo wanga wa ku Ridgeway ku Lusaka, mwafunsa kogula antibody (puloteni yomatirira pa puloteni imene mukuifufuza) yoonera puloteni ya ERK m'maselo anu ndiponso mtengo wake. Ine ndiyankha za western blot, njira yolekanitsa mapuloteni pa gel n'kuwasamutsira pa kapepala kotchedwa membrane kuti antibody iwaonetse, poti ndiyo ndimagwira tsiku ndi tsiku.

Mugule ziwiri, osati imodzi. Ina ya total ERK1/2 (yoona ERK yonse), ina ya phospho-ERK1/2 (yoona ERK yokhala ndi phosphate pamalo otchedwa Thr202/Tyr204). ERK ndi kinase, puloteni yoika phosphate pa mapuloteni ena, koma kupezeka kwake m'selo sikutanthauza kuti ikugwira ntchito, imadzuka pokhapokha phosphate itamatirira pamalo amenewo. Pa membrane muyenera kuona timizere tiwiri togundizana, pa 44 ndi 42 kDa (muyeso wa kukula kwa puloteni). Ine ndimakhulupirira za kampani ya Cell Signaling Technology. Kabotolo ka 100 µl kamadya madola mazana angapo, ndipo mukawonjezera zotumizira ndi za agent wotulutsa katundu ku kasitomu, mtengo umakwera ndithu. Pemphani quotation msanga musanalembe bajeti.

Koma chomwe chidandiliza ine si mtengo. Chaka china mu Okutobala katundu wathu adafika pa eyapoti Lachisanu, agent amene tidamudalira sadachite changu ndi mapepala. Bokosi tidalilandira patapita masiku ambiri. Nditatsegula, ma ice pack anali atasanduka madzi ofunda, katoni itanyowa pansi. Ndidathamangitsa ma gel kwa milungu itatu, membrane ikutuluka mbee. Ndidakayikira manja anga, ndidasintha buffer (madzi a mankhwala ogwirira ntchitoyi), mpaka mnzanga adandigawira pang'ono antibody yake, timizere tiwiri tija n'kutulukira tsiku lomwelo. Choncho muwauze otumiza kuti katundu anyamuke kumayambiriro kwa sabata, mapepala onse akhale okonzeka asanafike, ndipo inuyo mukhale pafoni mpaka bokosi lili m'manja mwanu.

Likafika, musaliike m'firiji wamba ya kunyumba, imene imasungunula yokha madzi oundana. Sakani firiji ya -20°C yolumikizidwa ku jenereta. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba, momwe magetsi ankazimira. Ndaona wina akuti antibody muigawe m'timachubu ting'onoting'ono. Werengani kaye pepala lobwera nayo. Antibody zambiri za Cell Signaling Technology zimabwera mu 50% glycerol, sizigwirana pa -20, ndipo eni ake amalemba kuti musagawe.

Enanso akuti block (kukuta membrane kuti antibody isamatirire paliponse) muchite ndi mkaka wa ufa wa m'sitolo. Pa total ERK mwina zitheka, koma pa phospho ine ayi. Mkaka uli ndi casein, yomwenso ili ndi phosphate, ndiye membrane imatha kuda bii. Sungunulani antibody mu 5% BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) ndi buffer ya TBST, 1:1000, igone usiku wonse pa 4°C. PBS, buffer yokhala ndi phosphate, isiyeni kaye.

Pophwanya maselo, chilichonse chikhale pa ayisi, ndipo mu lysis buffer (buffer yophwanyira maselo) musaiwale mankhwala a sodium orthovanadate ndi sodium fluoride. Mukazisiya, mapuloteni a m'selo otchedwa ma phosphatase amachotsa phosphate ija musanafike n'komwe pa gel, kenako mudzaimba mlandu antibody yosalakwa.

Pa gel yoyamba ikanipo positive control, sampulo yomwe mukudziwa kuti iyenera kutulutsa timizere. Maselo ena muwamane serum (madzi a m'magazi odyetsera maselo) usiku umodzi, m'mawa muwapatse EGF (puloteni yodzutsa ERK) kwa mphindi 5 mpaka 10, kenako muwaphwanye. Yambani kuona phospho, mukatero chitani strip (kuchotsa antibody yoyamba ija) n'kuona total pa membrane yomweyo. Mukasowa EGF ndilembereni ku inbox, ndili nayo pang'ono.