Chinkalonga mfumu ya ku France chinali mafuta, chisoti chinkabwera pambuyo

Achimwene, mwafunsa ngati chisoti ndicho chinkapatsa mafumu a ku France mphamvu, komanso kuti zisotizo zinapita kuti. Ine ndikuti pamaso pa anthu a nthawi imeneyo, mafuta ndiwo anali nkhani yaikulu.

Mwambo wolonga ufumu unkachitikira m'tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Reims, komwe mfumu Clovis inabatizidwira cha m'ma 500. Mumzindamo ankasunga kabotolo ka mafuta kotchedwa Sainte Ampoule, komwe anthu ankakhulupirira kuti nkhunda inatsika nako kumwamba tsiku la ubatizowo. Bishopu wamkulu ankatapamo kachidutswa ndi singano ya golide, n'kusakaniza ndi mafuta opatulika, kenako n'kudzoza mfumu pamutu, pachifuwa, pamapewa ndi m'zigongono. Chisoti ankachiveka zonsezi zitatha, ndipo akuluakulu 12 a dzikolo ankatambasula manja kuchichirikiza pamutu pa mfumu, kusonyeza kuti ufumuwo ausenzera limodzi.

Taonani za Charles VII mu 1429. Zisoti zakale zinkakhala ku Saint-Denis, kufupi ndi Paris, ndipo dera limenelo linali m'manja mwa Angerezi. Jeanne d'Arc, mtsikana yemwe ankatsogolera asilikali a France polimbana ndi Angereziwo, sanalimbane ndi zokatenga chisoti, anaperekeza Charles ku Reims kuti akadzozedwe. Anamuveka chisoti china chomwe chinapezeka komweko, koma otsatira ake sanakayikenso kuti ndi mfumu.

Za komwe zinapita, nkhani yake ndi yachisoni kwa okonda zakale. Chisoti chomwe ankachitcha cha Charlemagne, mfumu yotchuka yamakedzana, chinasungunulidwa mu 1590 pa nkhondo za Akatolika ndi Apulotesitanti. Zambiri zotsala zinawonongedwa anthu atagwetsa ufumu. Mu 1793, chaka chomwe anadula mutu wa Louis XVI, nthumwi ya boma latsopano inaphwanya kabotolo kaja pabwalo la ku Reims anthu akuonerera. Zisoti anangozisungunula kuti apeze golide, koma kabotoloko anachita kukaswera pagulu. Iwowo ankadziwa pomwe panagona mphamvu.

Cha mafumu akale chomwe chinapulumuka n'kukasungidwa ku Louvre, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Paris, ndi cha Louis XV, chomwe anamupangira mu 1722 ali ndi zaka 12. Kutsogolo kwake kunali dayamondi yotchuka ya Régent, ya makarati 140. Koma musatengeke ndi kunyezimirako, miyala yeniyeni anaichotsa mu 1729 n'kuikamo yongofanizira.

Napoleon naye ankazidziwa bwino izi. Pa 2 Disembala 1804 m'tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris analola Papa Pius VII kuti amudzoze, koma chisoti anadziveka yekha, kuti pasapezeke wonena kuti ufumu wachita kupatsidwa. Womaliza kudzozedwa ku Reims anali Charles X mu 1825, ndipo patangotha zaka 5 anthu anamupitikitsa.

Mu 1887 boma linagulitsa pa okishoni miyala yambiri yachifumu, mwa zina pofuna kuti olakalaka ufumu asakhale ndi chogwira. Ngakhale zochepa zotsalazo sizinagone tulo: mu Okutobala 2025 mbava zinathyola windo la ku Louvre dzuwa likuswa mtengo, ndipo pothawa zinagwetsa panja chisoti cha Eugénie, mkazi wa Napoleon III. Anachitola chitaphwanyika.